Tsiku Loipitsitsa la Kobi

Waikerie,
Lamulungu, 21 Julaye 2024

Okondedwa achemwali anga a Jacinta,

Ndikudziwa kuti mukaona envulopu yokhala ndi zolemba zangazi mudzidzimuka, mwinanso kuganiza kuti kwagwa maliro. Khazikani mtima pansi, tonse kuno tili moyo. Ndagwira cholembera chifukwa pa foni ndimanama. Inunso mumandidziwa: mukangoti "kuli bwanji kumeneko, Tegan?" pakamwa panga pamatuluka "kuli bwino" ndisanaganize n'komwe, kenako netiweki ya ku Halls Creek kwanuko imaduka, inu n'kubwerera kwa odwala anu muli okhutira. Pepala silidula nkhani, ndiye lero mundimva mpaka kumapeto.

Kuno kwazizira zedi, m'mawa udzu ukumakhala woyera ndi chisanu. Malalanje abereka modabwitsa chaka chino moti ku shedi ya zipatso kumene ndimagwira ntchito tikupakira mpaka Loweruka, ndipo manja angawa akungonunkhira malalanje ngakhale nditasamba kawiri. Mwamuna wanga Wade akuyendetsabe thiraki yake ija, amanyamuka Lolemba n'kubwera Lachisanu. Bondo la Amayi likuvutabe koma ndodo aikana, ati ndodo ndi ya nkhalamba.

Phwando la Amayi la zaka makumi asanu ndi limodzi munaliphonya, ndipo mwina munachita bwino. Tinachitira kunyumba kwa mchimwene wathu Brock. Iye anaotcha masoseji mpaka kuwapsereza monga mwa masiku onse, n'kumati ndi mmene amakomera. Mkazi wake, mlamu wathu Shanae, anaphika keke ya nsanjika ziwiri. Keke ija itafika pa tebulo, mwana wawo Harley, yemwe uja munamusiya asakutha kutchula ndi dzina lake lomwe, anayenda mpaka pa miyendo ya Amayi, n'kuwayang'ana m'maso, n'kunena momveka bwino kuti, "Agogo, ndikufuna keke."

Brock anagwetsa chopanira nyama. Amayi anagwira pakamwa, misozi ili chuchuchu, akungoti, "Nenanso, mwana wanga, nenanso!" Harley ananenanso, anthu n'kuwomba m'manja ngati timu yathu yagoletsa. Inenso ndinawomba nawo, achemwali, mwinanso kuposa onse. Nthawi imeneyo Kobi wanga anali pansi pa tebulo lomwelo, akuyala zotsekera mabotolo pa mzere, zofiira pazokha, zagolide pazokha. Harley ali ndi zaka zinayi. Kobi akwanitsa zisanu ndi chimodzi pa 14 Seputembala, ndipo mawu onse amene ali nawo ndi khumi ndi limodzi. Ndimawawerenga kawirikawiri, sakuwonjezeka.

Amayi atapukuta misozi anawerama, n'kusisita Kobi pamutu, nati, "Nayenso uyu nthawi yake ikwana." Ine ndinalowa m'chimbudzi, ndinakhalamo mpaka keke inatha.

Ndingonena mosazungulira: ndili ndi nsanje. Ndikuchitira nsanje kamwana ka zaka zinayi, mwana wa mchimwene wanga, amene ndinamunyamula ali ndi tsiku limodzi. Ndi zoipa, ndikudziwa, musandilalikire. Koma kuti mumvetse chimene ndikufuna kukupemphani, ndiyambire chaka chatha, chifukwa nkhani imene ndinakuuzani nthawi ija inali yosefa.

Mukukumbukira kuti anamwino a kusikelo anatitumiza tonse awiri, ine ndi Shanae, ku thumba la boma lija lothandiza ana aang'ono amene akuchedwa kukula. Mmene zimayendera ndi izi: amatumiza munthu kunyumba kudzafunsa mafunso, ndipo zimene iye walemba ndi zimene zimanena kuchuluka kwa ndalama zolipira aphunzitsi a kayankhulidwe ndi ena otere kwa chaka chathunthu. Tonse anatipatsa munthu mmodzi, mayi Farrugia. Kwa ine anabwera Lachiwiri, kwa Shanae Lachinayi la sabata yomweyo.

Kutatsala tsiku limodzi Shanae anandiimbira foni. Anati, "Mlamu, amayi a pa gulu lathu la pa foni lija akuti pali lamulo limodzi lokha. Ukawauze za tsiku loipitsitsa la mwana. Osati tsiku labwino ayi, osatinso la pakatikati. Loipitsitsa."

Ndinaseka. Ndinati, "Shanae, ine mwana wanga sindingamuvule pamaso pa mlendo chifukwa cha ndalama. Ife kwathu sitinaleredwe choncho."

"Chabwino, a kwanu," iye anatero, n'kudula foni.

Ndipo ndimanena zoona, sitinaleredwe choncho. Inu mumawakumbukira malemu Bambo kuposa ine. Chaka chija chisanu chinapha maluwa onse a m'munda, aliyense wowafunsa ankangomuyankha kuti "zikhala bwino." Tsiku lija thalakitala inawaphwanya chala anangochikulunga ndi tepi yomangira mapaipi, n'kumaliza mzere wawo. M'nyumba mwathu munthu wodandaula anali wachabechabe, woyenera kusekedwa pa chakudya. Ine ndinameza zonsezo ndi mtima wonse, ndipo ndinkanyada nazo.

Ndiye Lachiwiri lija ndinadzuka m'mamawa. Ndinakolopa nyumba yonse, ndinabisa chitseko cha kabati chimene Kobi anachithyola ndi mutu, ndinaphika timakeke ta kokonati. Kobi ndinamumeta Lamulungu, ntchito imene inatitengera anthu awiri ndi maola awiri, Wade atamupana ndi miyendo. Ndinamuveka malaya abuluu aja munamutumizira, ndipo kutatsala pang'ono kuti mlendo afike ndinamuikira kanema wake wa masitima kuti akhale phee. Mayi Farrugia atalowa anapeza mngelo atakhala pa kapeti.

Anatulutsa kompyuta yawo, nayamba. "Kodi Kobi amavala yekha?"

"Amavala," ndinatero. Anavalapo sokosi imodzi, tsiku lina mu Juni.

"Nanga kudya? Amadya zakudya zosiyanasiyana?"

"Amadya bwino kwabasi." Inu mukudziwa kuti amadya buledi wochotsa makoko ndi nthochi basi, ndipo nthochiyo ikakhala ndi kadontho kakuda imaulukira kukhoma.

"Mukamuitana dzina amatembenuka?"

"Akafuna. Anatengera bambo ake ameneyu." Mayi aja anaseka, ine mtima n'kukhala m'malo kuti zikuyenda.

"Amathawa? Ndikutanthauza kutuluka pageti osakuuzani, kapena kuthamangira kumsewu, kumadzi?"

"Ayi ndithu. Uyu ndi mwana wa pakhomo."

Apa anasiya kulemba. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana zipsera za mano pa mkono wanga, zimene ndinaiwala kuziphimba. Anati, "Mayi Pascoe, ndikufunseninso. Ine ndimalemba zimene mwandiuza. Zimene ndikuganiza sindiloledwa kulemba. Kodi pali chimene chikukuvutani pa mwanayu?"

Achemwali, anandipatsa mpata mayi aja, sindingawanamizire. Koma Kobi anali pomwepo, tsitsi lopesa bwino, makutu ake aakulu aja ali poyera. Ndani akudziwa zimene amamva? Ndikanayamba bwanji kumuneneza iye ali chikhalire? Ndinangoti, "Tikukwanitsa, mayi," n'kuwasendezera mbale ya makeke. Anadya awiri, nayamikira kuti ndi okoma.

Makalata anabwera patatha milungu itatu. Kobi anamupatsa madola zikwi zisanu ndi chimodzi. Harley anamupatsa zikwi makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Ana awiri a banja limodzi, vuto lofanana, wofunsa mmodzi, sabata imodzi! Mphunzitsi wa kayankhulidwe amalipiritsa pafupifupi madola mazana awiri pa ola, ndiye za Kobi zinatha mu Malichi, atangoyamba kumene kuzolowera mphunzitsi wake. Harley amapita kawiri pa sabata mpaka lero. Ali ndi womuphunzitsa kusambira, ali ndi kachipangizo ka zithunzi kamene kamayankhula akakadina, ali ndi mayi wina womuthandiza amene amapita naye ku sukulu ya mkaka. Pa geti pawo anawaikira loko wapamwamba woti mwana sangafikire.

Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse galimoto ya Shanae imadutsa pa shedi pathu nthawi ya tiyi, akupita ku Berri kwa mphunzitsi uja. Palibe wandituma kuti ndiziiyang'ana, koma nthawi ikakwana maso amapita okha pa zenera. Iye amaliza huta n'kubayibitsa. Ine ndimabayibitsanso, kenako malalanje otsatirawo ndimawaponya m'bokosi mwamphamvu moti kapitawo anandifunsapo ngati ndili pa mkangano ndi zipatso.

Tsopano imvani zimene sindinauzepo munthu. Ku shedi ndinayamba kuyankhula. Ndinauza Lorraine, amene timaima moyandikana, kuti Shanae anagulitsa mwana wake. Ndinati tsiku la mafunso lija sanasambe dala, sanapese, anasiya mbale zakuda pa tebulo, analira misozi yokonzekera, ndipo boma linagula sewero lake. Lorraine ankangoti "eti?" ine n'kumawonjezera mchere. Si zokhazo. Mu Epulo, ndalama za Kobi zitatha, ndinatsegula tsamba la boma la pa intaneti lonenezerapo anthu obera thumbali. Ndinalemba dzina la mlamu wathu, ndinalemba nambala ya nyumba ya mchimwene wathu. Musaganize kuti chinandiletsa ndi mtima wabwino. Fomuyo inafunsa kuti, fotokozani bodza lenileni limene munthuyu ananena. Ndinakhala ola lathunthu ndikufunafuna, sindinalipeze. Ndinatseka kompyuta ndili wokwiya kuti ngakhale bodza loti ndimugwire nalo alibe.

Tauni yathu ino mukuidziwa, ukatsokomola ku positi ofesi amakufunsa za chifuwa ku sitolo. Mlongo wake wa Lorraine amameta tsitsi la Shanae. Lachitatu lapitali, patatha masiku anayi chichitikire phwando lija, ndikungofika kuchokera ku ntchito, ndinapeza galimoto ya Shanae pakhomo. Anali atakhala pa sitepe, fayilo yabuluu yonenepa ili pa miyendo.

Ndinati, "Mlamu, lowani, ndiike ketulo."

"Ketulo yakoyo isiye," iye anatero. "Ndamva kuti ndinagulitsa mwana. Ndabweretsa lisiti kuti uone mtengo wake."

Ndinayamba zoti anthu amakonda kuwonjezera nkhani, koma anandidula.

"Khala pansi, Tegan. Iwe umatha kuyankhula ku shedi, lero umvetsere."

Anatsegula fayilo ija, nayamba kuwerenga zimene anawerengera mayi Farrugia chaka chatha. Anawerenga kuti Harley amadzimenya mutu pansi mpaka kutuluka magazi. Kuti amapaka chimbudzi pa khoma la kuchipinda. Kuti m'sitolo anagona pansi akukuwa kwa theka la ola, bambo wina n'kumuuza kuti mwana wotere amangofunika lamba. Kuti Brock amachedwa dala ku ntchito poopa kubwera kunyumba. Kuti tsiku lina iye anamumangirira Harley pa mpando wa m'galimoto, n'kutuluka, n'kukhala pansi m'mbali mwa msewu, chifukwa ankaopa manja ake omwe. Anawerenga ndi mawu osanjenjemera, ngati akuwerenga mitengo ya zinthu. Atamaliza anapinda malaya n'kundionetsa mkono. Zipsera zake n'zofanana ndi zanga, kungoti mano a Harley ndi aang'ono.

"Zonsezi ndinawerenga mwana wanga atakhala pa miyendo panga," anatero. "Ukuganiza kuti zinali zokoma? Mayi aja atangotuluka ndinakasanza kuseri kwa nyumba. Sabata yonse sindinkatha kumuyang'ana Harley kumaso. Mbale zakuda ukunenazo zinalipodi, chifukwa kwathu zimakhalapo tsiku lililonse. Kwanu sizikhalapo?"

Anatseka fayilo ija, napitiriza.

"Ndiye tandiuza, mlamu wanga wolemekezeka wa ku banja losadandaula. Pa anthu awirife, ananama ndani? Ine ndinawapatsa zoona. Iwe unawapatsa makeke."

Ndinafuna kumuthamangitsa pakhomo panga, achemwali. Ndinafuna kumukumbutsa kuti asanakwatiwe ndi Brock ankagulitsa tchipisi pa kalavani. Koma anali asanamalize. Anatsitsa mawu, n'kuyang'ana kumene Kobi ankazungulitsa gudumu la njinga, nati, "Pa Khrisimasi paja munati mwana ananyowa ndi paipi yothirira maluwa. Ine si mwana, Tegan. Jacinta anali ndi matope mpaka m'chiuno. Ndakhala chete miyezi isanu ndi iwiri, ngakhale Brock sindinamuuze, ndimadikira kuti unene wekha. Ndiye iwe n'kumakandinena ku shedi."

Apo ndiye anandimaliza. Munthu amene ndimafuna kumuneneza ku boma anali atandisungira chinsinsi changa chachikulu nthawi yonseyi, osandiuza n'komwe kuti akuchidziwa.

Za tsiku limenelo inu mukudziwa kuposa aliyense, koma ndilemba ndithu, kuti ndizolowere kuziona pa pepala. Kunatentha zoti phula linkamata nsapato. Tinali kwa Amayi, anthu onse ali m'nyumba pa mphepo ya makina, ine ndili pakhonde ndi Kobi chifukwa phokoso linamukwana. Chimene simukudziwa n'choti maso anga anali pa foni. Shanae anali atatumiza pa gulu la banja kakanema ka Harley akunena mawu ake oyamba, "galu." Ndinakaonera kasanu, kakhumi, ndikufufuza ngati ananenadi "galu" kapena anangotulutsa phokoso wamba. Pamene ndinadzutsa mutu geti linali lotsegula, Kobi palibe.

Ndinakukodolani pa zenera kuti ena asadziwe, tinathamanga tikuitana dzina lake, ngakhale tonse tinkadziwa kuti iye sayankha. Ine ndinalowera kumsewu. Inu, sindikudziwa chinakuuzani n'chiyani, munadutsa m'munda wa malalanje kulunjika ku damu lothirira la a Petrakis, oyandikana ndi Amayi aja. Mmene ndinkafika n'kuti muli m'madzi ndi diresi lanu la Khrisimasi, mutamugwira kolala. Madzi anali atamufika pachibwano, mapazi atamira m'matope, iye akuseka, akufuna kupitabe pakati. Simunandikalipire. Munamugoneka cham'mbali, munamumvetsera pachifuwa. Ine ndinagwada m'matope momwemo n'kukupemphani kuti mulumbire pa manda a Bambo kuti simudzauza Wade, Amayi kapena wina aliyense. Munati, "Tegan, zimenezi si zobisa." Ndinakakamira mpaka munalumbira.

Mwana wa pakhomo uja ndi ameneyo. Funso la kuthawa lija ndikanaliyankha moona, bwenzi loko wapamwamba ndi maphunziro osambira zilipo miyezi inayi Khrisimasi isanafike. Ndaliganizira funso limenelo tsiku lililonse chichokereni inu.

Tsopano pempho langa. Mayi Farrugia abweranso Lachiwiri pa 20 Ogasiti kudzaunikanso za Kobi. Nditawaimbira anandifotokozera mosabisa. Mwana akakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi, kungoti "akuchedwa kukula" sikukwaniranso, pamafunika kalata ya dokotala wa ana yotchula vuto lake ndi dzina. Ku Adelaide atiika pa mzere, ndipo tsiku limene atipatsa ndi la mu Meyi chaka chamawa. Ndiye msonkhano uwu ndi khomo lotsiriza. Ukayenda bwino, Kobi apeza thandizo lomuolotsa mpaka kwa dokotala uja, ndipo sukulu akayamba kumapeto kwa Januwale ali ndi womuthandiza. Ukalephereka, akalowa kalasi ya ana makumi awiri ndi asanu ali ndi mawu khumi ndi limodzi, pa sukulu imene ili mtunda wa mphindi zisanu kuchokera ku mtsinje.

Vuto ndi lakuti fayilo yake ikunena kuti amavala yekha, amadya bwino, sathawa. Ndinasaina ndekha. Ndikangofika n'kunena zosiyana, a kulikulu amene sanamuonepo Kobi adzati mayiyu wamva kuti anzake akulandira zambiri. Mayi Farrugia anati pakufunika mboni, munthu amene anaona ndi maso, ndipo akakhala wa zachipatala ndiye bwino koposa. Achemwali, mboni yanga ndinu. Lumbiro lija ndakumasulani. Bambo akakhala kuti akumva, andikhululukire, koma "zikhala bwino" yawo ija yatsala pang'ono kundimizira mwana.

Lembani zonse za ku damu, tsiku lake, nthawi yake, pamene madzi anafika. Lembaninso zimene munaona sabata yonse ija: za kudya, za kudzimenya, za kusayankha akaitanidwa, za mkono wangawu. Musandimvere chisoni, ndipo chonde musalembe kuti ndi mwana wokongola wokonda masitima. Ndikudziwa kuti dzanja lanu lidzafuna kutero, langanso limafuna. Lembani ngati namwino, musaine ndi nambala yanu ya ntchito, mutumize isanafike 12 Ogasiti kuti ilowe m'fayilo nthawi ilipo. Ngati mukufuna kulembamo kuti mayi ake anali pa foni, lembani. Ndi zoona.

Musaope kuti mukundiulula, chifukwa Wade ndamuuza kale. Ndinamuuza Lachisanu atangotsika mu thiraki, ndisanataye mtima. Anamvetsera mpaka kumapeto ataimirira, chikwama chili paphewa. Sanakuwe, ndipo bola akanakuwa. Anangoti, "Miyezi isanu ndi iwiri ndakhala ndikusiya geti ili losakhoma, Tegan. Miyezi isanu ndi iwiri." Dzulo lonse anali panja ndi zida zake, waika maloko pa geti ndi pa zitseko zonse ziwiri, pamwamba poti inenso ndimachita kunyanyamphira. Sakundiyankhula kwenikweni, koma m'mawa uno wandiikira tiyi pa tebulo. Amayi ndikawauza ndekha mawa ndikaweruka. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndachedwa nacho kale.

Musekeko pang'ono: amene akundikonzekeretsa msonkhanowu ndi Shanae yemweyo. Anabweranso dzulo masana, anakhala pa mpando wa Wade, anavala magalasi a dzuwa pamphuno kuti afanane ndi mayi Farrugia, nayamba kundifunsa.

"Mayi Pascoe, kodi Kobi amavala yekha?"

"Nthawi zina amayesa…"

"Tegan!"

"Savala."

"Amadya zosiyanasiyana?"

"Sadya."

"Amathawa?"

Iye anadikira, osandithandiza, mpaka ndinati, "Amathawa. Amathawira kumadzi."

"Eya," anatero, n'kuvula magalasi aja. "Tsiku limenelo Kobi akakhale kwa Amayi kuti asamve, zimene ine sindinaziganizire pa Harley. Ine ndidzakhala pambali pako. Ukadzangokolopa nyumba ino, ndidzathira dothi ndekha. Ukadzaphika keke, ndidzadyera m'galimoto."

Musaganize kuti nsanje yatha, ndakulonjezani kuti m'kalata muno simukhala bodza. Ikadalipo, yangosamuka malo. Kale ndinkasirira ndalama zake. Tsopano ndikusirira kuti iye, mtsikana wa pa kalavani ya tchipisi amene ife tinkamuseka kuti amalira msanga, anatha kudzichotsa ulemu chifukwa cha mwana wake, pamene ine ndinasunga ulemu wanga mwana n'kulipira. Ndikamuona akuyankhula ndi Harley, Harley n'kumayankha, ndimamusirirabe. Chaka chimene chapitachi sichidzabwerera, ndipo akuti pa msinkhu uwu chaka ndi chinthu chachikulu. Mwina Kobi sakanayankhula ngakhale akanalandira zonsezo, mphunzitsi wake anandiuza kuti ana amasiyana. Koma sindidzadziwa, ndipo kusadziwako n'kumene kumandidya.

Ndayamba kulemba pepala langa la tsiku loipitsitsa. Ndafika tsamba lachitatu. Pamene ndimalemba m'mawa uno Kobi anabwera, anaika chotsekera botolo chagolide pa pepalapo, n'kubwerera ku mzere wake. Zagolide sapatsa munthu. Zimenezo sindilemba m'pepala la boma, ndalembera inu nokha.

Amayi akupereka moni, ati mubwere ndi mwamuna pa Khrisimasi ikubwerayi, ngakhale wobwereka. Brock akupereka moni. Wade ndikukhulupirira kuti akanapereka, ndipo ndikudziwa kuti adzakuimbirani yekha kukuthokozani pa zimene munachita ku damu, chifukwa anandifunsa nthawi imene mumaweruka. Shanae akuti mufulumire ndi kalatayo, asachite kubwera konko kudzaitenga. Harley wapereka moni ndi pakamwa pake, anati "moni azakhali," ndinamva ndekha, ndipo ndinamupsompsona pamphumi ngakhale mtima unkawawa.

Mauthenga onse amene ndakhala ndikukutumizirani zaka zitatu izi ndimamaliza ndi mawu akuti Kobi akupereka moni. Lero sindilemba choncho. Kobi sakupereka moni, achemwali. Sanaperekepo. Ndimamuonetsa chithunzi chanu, iye amayang'ana ndolo zanu. Lembani kalata ija mmene ndakupempherani, mosanyengerera, mwina chaka chamawa moniwo mudzaumva kwa mwini wake.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,

Tegan